Chikwama chopepuka ndi liwu loti dark: mmene mungapezere mawu otsutsana a Chingerezi pa intaneti

Mwana wa achimwene anga ali Sitandade 8 ndipo akukhala ndi ine kuno ku Chinamwali. Tsiku lina madzulo anafika ndi kope lake la Chingerezi nkhope ili yakugwa. Aphunzitsi anawapatsa ziganizo khumi, chilichonse chili ndi liwu lojambulidwa mzere kunsi, n'kuwauza kuti alembe liwu lotsutsana nalo. Chiganizo chachinayi chinali chakuti "This bag is light." Iye analemba kuti dark, ndipo cholembera chofiira chinadutsapo.

"Komatu azakhali, ndinayang'ana pa foni yanu. Analemba choncho."

Sankanama mwanayo. Nditatenga foni ndinapeza tsambalo lidakali chitsegulire, dark ali pamwamba penipeni pa mndandanda. Ndinamukhazika pa mkeka n'kumuuza kuti anene chiganizocho m'Chichewa.

"Chikwamachi n'chopepuka."

"Nanga chikapanda kupepuka chimakhala chotani, mwanawe?"

"Cholemera." Anakhala duu pang'ono, kenako anawomba m'manja. "Heavy!"

Ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi kusekondale yoyendera kwa zaka zingapo tsopano, ndipo cholakwa chimenechi ndimachiona ngakhale kwa a Folomu 4 amene akukonzekera MSCE. Masamba a pa intaneti othandiza pa nkhaniyi alipo ambiri, abwino ndithu, aulere. Chomwe chimagwetsa ana athu ndi kafunsidwe. Amafunsa liwu lotsutsana ndi liwu, pomwe chofunika ndi liwu lotsutsana ndi tanthauzo lomwe lili m'chiganizo chimene chili patsogolo pawo.

Liwu limodzi la Chingerezi limasenza matanthauzo angapo, ndipo tanthauzo lililonse lili ndi mnzake wotsutsana naye. Kwa ife kupepuka ndi kuwala ndi mawu awiri osayandikana n'komwe, koma Mngerezi anaziunjika zonse pa light. Old akamanena malaya akutha amatsutsana ndi new, akamanena agogo amatsutsana ndi young. Right wa dzanja lamanja mnzake ndi left, koma right wa yankho lokhoza mnzake ndi wrong. Hard wa nthaka youma gwa ya mu Okutobala amatsutsana ndi soft, hard wa masamu ovuta amatsutsana ndi easy. Penanso ounjika ndife: timati munthu wamtali, chingwe chachitali, pomwe Chingerezi chimafuna tall pa munthu ndi long pa chingwe, ngakhale onsewo amatsutsana ndi short mmodzi yemweyo.

Choncho musanagule n'komwe bandulo, chitani zinthu ziwiri zosalira ndalama. Nenani chiganizo chonse m'Chichewa kuti mugwire tanthauzo lenileni. Kenako dzifunseni ngati liwulo ndi dzina, mneni, mfotokozi kapena muonjezi, chifukwa yankho liyenera kukhala la mtundu womwewo. Mwana akafunsidwa lotsutsana ndi success n'kulemba fail, ganizo wakhoza koma malikisi sapata, pakuti success ndi dzina ndipo mnzake ndi failure. Fail amayenda ndi succeed.

Tsopano tengani foni. Onetsetsani kuti muli ndi bandulo ya intaneti yonse, chifukwa ya WhatsApp kapena Facebook yokha siitsegula masambawa. Ubwino wake ndi wakuti masamba a mawu sadya data ngati mavidiyo. Mawu ofufuzira amene muyenera kuwadziwa ndi awiri, opposite ndi antonym, ndipo onse amanena chinthu chimodzi: mawu otsutsana m'matanthauzo aja tinaphunzira m'kalasi ya Chichewa. Samalani ndi synonym. Ameneyo ndi wa mawu ofanana m'matanthauzo, ndipo pa masamba ambiri ndi amene amayambirira pamwamba, otsutsana n'kukhala m'munsi. Ndaonapo ana akukopera mndandanda woyamba umene maso awo agwerapo osawerenga mutu wake.

Njira yachidule kwambiri ndi Google. Lembani define kenako liwu lanu, mwachitsanzo define light. Kawirikawiri pamabwera bokosi la matanthauzo ochokera ku Oxford Languages, oikidwa manambala, ndipo pansi pa tanthauzo lililonse pali mzere wa Similar ndi wina wa Opposite. Bokosili limayamba ndi matanthauzo ochepa, ndiye dinani kuti litambasuke lonse, mutsike mpaka pamene pakukambidwa za kulemera kwa katundu. Ngati mwalemba chabe kuti opposite of light, makinawo amakusankhirani okha tanthauzo, ndipo ndi mmene mwana wa achimwene anakolera dark uja. Mukafuna kufunsa choncho, wonjezerani liwu lomwe likufotokozedwalo: opposite of light bag, opposite of fresh bread.

Koma kumene ine ndimatumiza ophunzira anga poyamba ndi ku madikishonale olembedwera anthu amene Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamwira. Atatu ndimawakhulupirira: Oxford Learner's Dictionaries, Cambridge Dictionary ndi Longman Dictionary of Contemporary English, yomwe tsamba lake ndi ldoceonline. Yoyambayo ndi mdzukulu wa dikishonale ya A. S. Hornby imene Oxford inasindikiza mu 1948, ija ambiri tinaiona mulaibulale ya kusukulu chikuto chitang'ambika ndi kugwiridwagwiridwa. Hornby ankaphunzitsa Chingerezi ku Japan, ndiye ankadziwa pamene mlendo amapunthwa.

Kagwiritsidwe kake ndi aka. Lembani dzina la dikishonaleyo pa Google, lowani, ndipo m'kabokosi ka pamwamba mulembe liwu lanu lokha. Ikabwera, yang'anani kaye ngati yakupatsani noun, verb kapena adjective. Pa light imatha kukuyambitsani ndi dzina, kuwala kwa dzuwa ndi nyale, pomwe inu mukufuna mfotokozi, ndiye sankhani pamene palembedwa adjective. Mukatero mupeza matanthauzo atandandalikidwa, lililonse lili ndi ziganizo zachitsanzo. Werengani zitsanzozo mpaka mutapeza chofanana ndi chanu. Pafupi pomwepo pamakhala kaliwu kakuti opposite, kapena ku Longman zilembo zitatu zakuti OPP, kotsatiridwa ndi liwu limodzi, mwina awiri. Kuchepako ndiye phindu lake. Olemba dikishonale anasefa kale n'kusiya lomwe Angerezi eni ake amaliyendetsa limodzi ndi linzakelo. Dinaninso pa liwu latsopanolo kuti muwerenge tanthauzo lake, ndipo musachoke musanadine kachizindikiro ka sipika kuti mumve katchulidwe. Mwana amene wamva heavy ndi makutu ake saiwala msanga.

Si liwu lililonse lomwe madikishonalewa analipatsa opposite. Mukasowa, mpamene mupite ku thesaurus.

Thesaurus ndi buku kapena tsamba losonkhanitsa mawu motsata ganizo. Dzinali linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza mosungira chuma, nkhokwe titero. Lodziwika kwambiri analisindikiza mu 1852 dokotala wina wa ku London, Peter Mark Roget, ndipo iye anasanja maganizo otsutsana moyang'anizana, ili uku linzake uko. Masamba a lero anatengera pomwepo. Nkhokwe imeneyi ndi yodzaza, koma imakhuthula zonse pamodzi, mphale ndi madeya omwe, ndipo wopeta ndinu.

Pa onse ndimakonda thesaurus ya Merriam-Webster. Imagawa liwu m'matanthauzo ndi timitu toyamba ndi mawu akuti "as in", ndipo pansi pa kamutu kalikonse pali gawo la Antonyms & Near Antonyms. Mvetsani bwino mawu akuti near: ena mwa mawuwo amangoyandikira kutsutsa, satsutsa kwenikweni. Oyamba pa mndandanda ndiwo amakhala olimba, ndipo mukamatsika amanka nasuluka. Kumbukiraninso kuti Merriam-Webster ndi ya ku America. Idzakupatsani dishonor ndi unfavorable, pomwe m'sukulu zathu timatsata kalembedwe ka ku Britain, dishonour ndi unfavourable. Mukapeza liwu kumeneko, kalitsimikizeni ku Oxford, ku Cambridge kapena ku Collins, yomwenso ili ndi thesaurus yake yaulere. Thesaurus.com nayo imagawa matanthauzo ndipo imasonyeza mawu otsutsa mwamphamvu ndi otsutsa mofooka. WordHippo ili ndi mindandanda italiitali imene imathandiza wolemba nkhani amene akusaka liwu lomwe lamuthawa pa lilime, koma mwana wa pulayimale sindimulola kupitako yekha. Ku Power Thesaurus ogwiritsa ntchito ndi amene amavotera mawu, ndiye muli zabwino ndi zosokoneza zomwe.

Liwu lililonse lochokera ku thesaurus liyesedwe lisanalowe m'kope. Kuyesa kwanga n'kosavuta: libwezereni m'chiganizo chomwe chija, muike not ndi but. "The bread is not fresh but stale." Zikumveka. "The bread is not fresh but tired." Ayi, ngakhale tired amapezekadi pa mindandanda ya fresh, chifukwa munthu amene wapuma bwino amatchedwanso fresh. Liwu la fresh limeneli ndi lophunzitsira labwino zedi. Buledi akagonera ndi stale. Mkaka ukasasa ndi sour. Madzi a m'nyanja yathu ya Malawi ndi fresh water, ndipo mnzake ndi salt water wa ku Beira. Pamsika wa Zomba chambo chachiwisi ndi fresh, chowamba ndi smoked, usipa wouma ndi dried, nsomba yovunda ndi rotten. Mukakayika ngati mawu awiri amayenderana, alembeni pa Google mkati mwa zizindikiro za mawu oyankhulidwa, motere: "stale bread". Zizindikirozo zimauza makina kuti asake mawuwo ali pamodzi ndendende, ndipo muona nokha ngati olemba enieni amatero.

Yang'aniraninso msinkhu wa liwu. Hot mnzake ndi cold, warm mnzake ndi cool, boiling mnzake ndi freezing. Big amayenda ndi small, huge amayenda ndi tiny. Mndandanda wa pa intaneti udzakupatsani onsewo pamodzi, koma woyesa mayeso amafuna ofanana mphamvu. Madzi ofunda sitiwatsutsa ndi madzi oundana.

Tsopano pali gulu la mawu lomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ife oyankhula Chichewa timagwa kwambiri, komanso ndi pamene Chichewa chathu chingatidzutse. Awa ndi mawu onena chinthu chimodzi chochitika pakati pa anthu awiri, wina ali mbali iyi wina mbali inayo. Ife timati kugula ndi kugulitsa, kubwereka ndi kubwereketsa, kuphunzira ndi kuphunzitsa, tsinde limodzi n'kungolitalikitsa. Chingerezi chimasintha liwu lonse: buy ndi sell, borrow ndi lend, learn ndi teach. Ndiponso m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku timangoti "ndibwerekeni cholembera", ndiye mwana amanyamula kamangidwe komweko n'kunena kuti "borrow me your pen". Mukatsegula borrow ku Oxford kapena ku Cambridge mupeza kuti anaikapo ndemanga yosiyanitsa borrow ndi lend, chifukwa ophunzira a m'mayiko ambiri amapunthwa pomwepo. Pa mawu ngati awa musakhutire ndi mndandanda. Werengani zitsanzo, muone amene akupereka ndi amene akulandira.

Gulu lina ndi la aneni obweza ntchito m'mbuyo. Apa Chichewa n'cholemera kuposa mmene timaganizira: kutseka ndi kutsekula, kumanga ndi kumasula, kuvala ndi kuvula, kuvundikira ndi kuvundukula. Ife timabweza ndi kumapeto kwa mneni, Mngerezi amabweza ndi kumayambiriro: tie ndi untie, lock ndi unlock, dress ndi undress, cover ndi uncover, connect ndi disconnect. Ndikawaonetsa ana kufanana kumeneku pa bolodi, nkhope zimawala, chifukwa amazindikira kuti nzeruyi anali nayo kale kuchokera kwa amayi awo.

Aphatikiri a kumayambiriro amenewa ndi njira yachidule, koma ndi yoterera. Alipo un, in, im, il, ir, dis ndi non. Kawirikawiri im amabwera patsogolo pa p, b ndi m, monga impossible, imbalance ndi immature; il patsogolo pa l, monga illegal; ir patsogolo pa r, monga irregular. Koma lamuloli lili ndi mipata. Timati unpopular, unlucky, unreliable ndi disloyal, ndipo palibe njira yodziwira kupatula kuyang'ana. Mwana akangopeka, amalemba unpossible kapena dislegal. Lembani liwu mwapekalo mu dikishonale ya pa intaneti. Ngati kulibe, ikuuzani kuti silinapezeke ndipo nthawi zambiri imakupatsani oyandikira.

Ndiye pali mawu ena ooneka ngati otsutsana pomwe sali choncho, ndipo limodzi mwa iwo lingathe kuvulaza munthu. Flammable ndi inflammable onse amatanthauza chinthu chosachedwa kuyaka. Wina akawerenga inflammable pa chigubu cha petulo kapena pa thanki ya galimoto yonyamula mafuta n'kuganiza kuti in uja akukana, angayatse machesi pafupi. Chosayaka ndi non-flammable. Invaluable satsutsana ndi valuable, amatanthauza chamtengo wapatali koposa, ndipo priceless ndi chimodzimodzi. Chopanda pake ndi worthless. Infamous ndi munthu wotchuka ndithu, koma wotchuka ndi zoipa, pomwe wosadziwika ndi unknown. Disinterested, m'Chingerezi chosamala, ndi munthu wosakondera, ngati mfumu yoweruza mlandu umene ilibe nawo phindu, pomwe wosasangalatsidwa ndi nkhaniyo ndi uninterested. Mawu amenewa ndimawalembetsa pa tsamba lawolawo lakumapeto kwa kope.

Nanga data ikatha, kapena kumudzi kumene netiweki imagwira pachulu pokha? Pezani tsiku limodzi pamene pali Wi-Fi kapena bandulo yokwanira, muike pa foni dikishonale yogwira popanda intaneti. Ine ndinaika WordWeb, yaulere, yomwe imaonetsa mawu otsutsana pa tanthauzo lililonse lomwe lili nawo. Maziko ake ndi WordNet, nkhokwe ya mawu imene akatswiri a pa yunivesite ya Princeton anayamba kumanga mu 1985. Mukaiika, zimitsani data n'kuiyesa pomwepo kuti mutsimikize kuti mawu onse alowadi m'foni. Amene mumagwira ntchito pa kompyuta muli nayo kale ina: mu Microsoft Word ikani kasa pa liwu n'kudina Shift ndi F7 pamodzi, ndipo kumbali kutseguka mndandanda momwe mawu otsutsana amalembedwa Antonym pambali pake.

Ana ambiri masiku ano amangofunsa Meta AI ya mu WhatsApp kapena ChatGPT. Sindiwaletsa, koma ndimawauza kuti alembe chiganizo chonse, osati liwu lokha, ndipo apemphe chitsanzo cha liwu lotsutsalo m'chiganizo. Akapatsidwa yankho, akalione mu dikishonale. Makinawa amayankha molimba mtima ngakhale pamene aphonya, ndipo mwana alibe podziwira.

Mukafuna zoyeserera, lembani antonyms worksheet kapena antonyms quiz pa Google, muwonjezere kalasi, monga grade 7. Masamba a British Council, LearnEnglish Kids ndi LearnEnglish Teens, ali ndi masewera ndi zochita za mawu zolembedwa mosamala. Mapepala ena ongopezeka pa intaneti amakhala ndi mayankho olakwika, ndiye makolo anzanga, yambani mwawayankha nokha musanapatse mwana.

Chinthu chimodzi chomwe masamba ena sangakuuzeni n'chakuti mawu ambiri alibe otsutsana nawo. Table, mango, bicycle, alibe. Tsamba lofuna kuti musachoke chimanjamanja likhoza kukupatsani kenakake, koma dikishonale yabwino imangokhala chete, ndipo chete ameneyo ndi yankho lolondola.

Kunyumba kuno tinagula kope la masamba 40 la ntchito imeneyi yokha. Tsamba lililonse ndi la liwu limodzi. Pamwamba mwanayo amalemba liwulo, ndipo m'munsi mzere uliwonse umakhala ndi zinthu zinayi: tanthauzo m'Chichewa, chiganizo chake cha Chingerezi chonena za pakhomo pano, liwu lotsutsa, ndi chiganizo chomwecho chitatembenuzidwa. Ziganizo zokopera pa foni sindilola. Pa tsamba la light analemba za thumba la makala ndi la masamba a nkhwani, ndi za chipinda chake magetsi akazima. Timachita mawu atatu pa sabata, tikatha kudya mgonero, foni ili pakati pathu pa mkeka.

Dzulo tinali pa fair. Mzere woyamba unali wosavuta: woyimbira mpira wachilungamo, unfair. Wachiwiri anaupeza yekha ku Oxford, khungu loyererako, ndipo anaseka ataona kuti apa dark uja wapeza malo ake. Atatsika m'munsi anapeza fair wina wonena za nyengo yabwino, yopanda mvula ndi mphepo, ndipo anayamba kulemba za tsiku lochapa mabulangete. Foni inazima batire asanapeze mnzake wa liwulo. Wasiya mpata pa mzerewo, ndipo m'mawa uno asanapite kusukulu anaika yekha foni pa chaja.